Lipoti la ku Lilongwe: ekisipiriyensi tikaitenga kuti?

A tcheya, a komiti ndi nonse a pa gulu, ndabwerako bwino. Pepani lipoti lachedwa, magetsi anavuta foni n'kuzima. Marisiti a minibasi ndi chenji ndasiya kwa a msungichuma.

Ndinanyamuka pa Kamuzu Road mbandakucha, ndinapeza msonkhano wa za ntchito za IT uja utangoyamba. Zam'mawa zinali za akuluakulu kuthokozana basi, sindikutayitsani nazo nthawi. Funso lomwe munandituma lija ndinalifunsa masana, kuti malonda aliwonse a ntchito ya IT akumati zaka ziwiri za ekisipiriyensi, nanga ife tikaitenga kuti poti palibe akutilemba. Holo yonse inawomba m'manja, ndiye dziwani kuti si ife a ku Salima tokha tikulira.

Anayankha ndi mayi ena omwe amayang'anira za IT pa kampani ina ndipo amakhala nawo pa ma intaviyu. Sanalankhule zambiri, anangotulutsa kebulo ya netiweki, timitu ta RJ45 toika kumapeto kwa kebulo, chopanira ndi tesita n'kuitana anthu atatu kuti aike timitu pa kebulo. Ine ndi changu changa ndinadzuka. Aise, mitundu ya mawaya ndimaidziwa pamtima kuchokera mu notsi, kuyambira woyera wa olenji mpaka wa bulauni, koma manja anayamba kunjenjemera, mawaya kumangopiringizana, nditapana n'kuika pa tesita mwa timagetsi 8 tinayaka 6 tokha. Mtsikana wina wa ku Nkhotakota, wa MSCE yokha koma amathandiza pa shopu ya fotokope ndi intaneti, anapana kamodzi tonse n'kuyaka. Manyazi anandigwira ine wa dipuloma. Mayi aja anati pa anthu atatufe akanalemba mtsikanayo, chifukwa ntchito yoyamba sikhala yokonza mapulogalamu akuluakulu ayi, imakhala yoti pulinta yakana, abwana ayiwala pasiwedi, imelo sikutuluka, ndiye amafuna munthu woti anagwirapo chinthu chowonongeka n'kuchidzutsa.

Anatipatsanso funso lomwe amakonda kufunsa: kompyuta ikukana intaneti, muyambira pati? Ambiri tinathamangira kufomata kkkk. Iwo akuti yamba waona kebulo kapena WiFi ngati yalumikizika, kenako ulembe ipconfig kuti uone adilesi ya kompyutayo pa netiweki, ukaona adilesi yoyamba ndi 169.254 dziwa kuti kompyutayo sinapatsidwe adilesi ndi DHCP yomwe imagawa ma adilesi pa netiweki, ukatero ping rauta kuti uone ngati ikuyankha, kenako ping 8.8.8.8, adilesi ya Google ya pa intaneti. Samafuna kuti uziloweza, amafuna amve kuti maganizo ako amayenda mwadongosolo, ndipo pomwe sukudziwa unene kuti sukudziwa koma ukafufuza chonchi.

Apa ndi pomwe ndikufuna timvetsetsane. Ekisipiriyensi ija tikudikira kuti wina atipatse, chonsecho ili pompano. Ma CDSS ena ali ndi makompyuta anangovindikiridwa nsalu fumbi lokhalokha, ma loji a ku Senga Bay ali ndi WiFi yomwe imavuta, mashopu osindikiza pa boma ali ndi ma pulinta, ngakhale ku tchalitchi ndi ku mzikiti kuli laputopu ya mlembi yodzadza ma vayirasi. Nkhani ndi yopita kukapempha mwaulemu, kukonza, kenako kulemba m'kabuku: tsiku, vuto linali chiyani, unachita chiyani, zinatha bwanji. Pamapeto upemphe a hedi kapena mwini malo kalata ya sitampa. Pa CV m'malo molemba kuti ndimadziwa kompyuta, zomwe aliyense amalemba, ulembe kuti ndinadzutsa makompyuta angapo a pa sukulu yakuti, a hedi nambala yawo nayi. Koma chonde musanakhudze makina a munthu sungani kaye mafayilo ake pena, mukafufuta ma rizati a ana a Fomu 4 dzina la gulu lathu lathera pomwepo.

Za ma satifiketi tinakambirana pang'ono. Cisco Networking Academy ili ndi maphunziro ena aulere komanso Packet Tracer yoti uziyeserera kumanga netiweki opanda kugula rauta, chofunika ndi bandulo basi. Ya Google IT Support ili pa Coursera ndipo munthu utha kupempha thandizo la fizi. CompTIA A+ ndi yabwino koma mayeso ake ndi awiri ndipo amalipiritsa madola, ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu ine ndingati tiyambe taima kaye. A madigiri aziyang'anira pulogalamu ya boma ya ma intheni ya ku Unduna wa Zantchito, a ku Salima Technical ndi ena a TEVETA atachimenti yanu ija musaitenge ngati holide. Wina anatikumbutsanso kuti mabungwe akamafuna otolera data m'midzi amafunsa mapulogalamu otolera data a KoboToolbox kapena ODK, izi ungaphunzire pa foni pomwepo, ndipo ambiri amalowera khomo limeneli.

Pali bambo ena anati tizidzipereka kugwira ulele ngakhale chaka chathunthu. Apa ine sindinagwirizane nawo ndipo ndinanena. Munthu wochokera ku Chipoka kapena ku Khombedza thiransipoti azitenga kuti chaka chonse? Kudzipereka inde, koma mugwirizane poyamba kuti ndi miyezi ingati, muziphunzira chiyani, ndipo kalata ituluka. Apo ayi muzingotumidwa kogula ma yuniti ndi mandasi.

Za akamberembere aja oti tumizani ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe pa intaviyu zinatchulidwanso, ntchito yeniyeni salipiritsa, musatumize.

Ndiye pempho langa kwa a komiti ndi loti tikakumana Loweruka tikambirane zogula chopanira, tesita ndi paketi ya timitu kuchokera m'thumba la gulu, komanso a mlembi atilembere kalata yopita kwa a hedi a sukulu ziwiri zoyandikira. Amene muli ndi laputopu yakufa kunyumba bwerani nayo tidzaitsegule. Kebulo yanga yolephera ija ndabwera nayo, mudzaone nokha mawaya awiri omwe sanafike kumapeto.