Katswiri wa pa wailesi uja apepese kwa mwana anamuseka

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndidandaule za pulogalamu ya achinyamata ija inauluka Loweruka lapitali pa wailesi ina yake, amene anamvera akuidziwa kale. Mtsikana wa Fomu 2 anaimba foni, ulemu wake wonse, kufunsa kuti munthu akafuna kuyamba kuphunzira za maufumu ndi mizinda ya anthu akalekale ayambire pati. Funso labwino zedi. Ndiye bambo amene anawaitana ngati katswiri aja akuti yambira kwa Agiriki ndi Aroma mwana wanga, kunoku kunali tchire lokhalokha mpaka anafika Livingstone, kenako n'kuseka. Kuseka! Woulutsa naye n'kumathandizira kuseka ngati pamenepo pagwa nzeru.

Kuseka kumeneko ndi kumene kwandilembetsa kalatayi. Kusadziwa si mlandu ayi, koma kusadziwa uku ukuseka mwana amene wawononga mayunitsi ake, dziko lonse likumvera, ndiye mwano umenewo. Mwanayo anangoti zikomo mawu atazilala n'kudula foni, inu mukuganiza adzaimbanso ameneyo? Anzake akusukulu amene anamva mawu ake ndiye Lolemba anamulandira bwanji? Bambo inu munalipidwa alawansi kuti mudzaseke ana a eni?

Livingstone anafika kunyanja kuno mu 1859. Koma mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa, mzinda wa kugombe la Tanzania, kudutsa dziko la Amaravi ndipo analandiridwa ndi mfumu Muzura, nanga anthu anamupatsa chakudya ndi omuperekeza aja anali mitengo ya m'tchire? Ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anakumba n'kupeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja ya mchere, zibangili zamkuwa, zosema za minyanga ya njovu ngakhale zidutswa za mbale za ku China. Mbale za ku China a Mkonzi, ku Dedza konkuno, kumene minibasi zimangodutsa anthu akugula nsomba pawindo. Zithunzi za pamiyala ku Chongoni nazo a UNESCO anaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, malo ake 127, kaya katswiri wathu anali kutulo chaka chimenecho.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti bodza limeneli si latsopano, ndipo eni ake analisiya kalekale, ife ndi amene tatola kumalitafunabe ngati nzimbe yotafuna kale. Taonani za Great Zimbabwe kufupi ndi Masvingo, mzinda wamiyala umene unamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1400, makoma ena kutalika mamita 11 opanda simenti opanda dothi, kungosanja miyala basi mpaka lero ali chiimire. Azungu oyamba kuuona anakakamira kuti munthu wakuda sangamange zimenezi, mwina ndi Afoinike, mwina mfumukazi ya ku Sheba. Mu 1929 mayi wina wofukula zakale, Gertrude Caton-Thompson, anakumba n'kunena poyera kuti omanga ake anali anthu akonkuno. Boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) linadana nazo zedi moti wofukula zakale wina, Peter Garlake, amene ankanena zomwezo anachita kuchoka m'dzikomo mu 1970. Ndiye lero munthu wakuda bii, wovala tayi, akulankhula Chichewa chabwinobwino, akugwira ntchito imene a Smith anailephera, mwaulele kapena ndi alawansi ija kaya.

Sindikuti ana asaphunzire za Roma ayi, aphunzire, za Agiriki nazo n'zokoma. Koma wolemba mbiri Herodotus, Mgiriki yemweyo, anachita kupita ku Egypt kukadabwa, mapiramidi a ku Giza atakhala kale zaka pafupifupi 2,000, ndipo Egypt ali mu Africa muno pokhapokha ngati anasamuka usiku. Ku Sudan mapiramidi ndi ambiri kuposa ku Egypt komweko. Mansa Musa, mfumu ya ku Mali, popita ku Mecca mu 1324 anamwaza golide ku Cairo mpaka mtengo wake kugwa. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, anafika ku Kilwa mu 1331 n'kuutama mzindawo, mzinda umene unkasula ndalama zakezake ndipo imodzi inakapezeka ku Great Zimbabwe. Zonsezi ndi tchire eti?

Komanso tisangomunena bambo mmodzi, vuto ndi lalikulu. Mwana amene wakonda phunziro la History masiku ano amaonedwa ngati wolephera sayansi, makolo omwe timamufunsa kuti udzadya mbiri? Ulendo wasukulu ukapezeka ndalama, onse kunyanja kukasamba ndi kujambulitsa, basi ikudutsa pa Mtakataka aphunzitsi ali pa WhatsApp. Laibulale ya pasukulu ina kwathu kuno mabuku a mbiri alipo koma ali m'kabati yokiya, kiyi ali ndi munthu amene anapita kumaliro chaka chatha sanabwerebe. Pa intaneti zilipo zambiri inde, koma bandulo yake agule ndani, ndipo mwana akalowako amakumana ndi mavidiyo onena kuti mapiramidi anamanga ndi zolengedwa zakumwamba, bodza lomwe lija langovala malaya ena.

A Unduna wa Zamaphunziro, a nthambi yoona za zinthu zakale ndi aphunzitsi a mbiri a ku yunivesite ku Zomba, nkhaniyi ikukukhudzani, musangokhala chete. Wailesiyo ibwereze pulogalamu ija ndi munthu wodziwadi, ngakhale mphindi 30 zokha pa sabata, ayambe ndi Mankhamba ndi Chongoni, apite ku Zimbabwe ndi Kilwa, akwere ku Ethiopia ndi Egypt, Roma adzafikako bwinobwino. Ndipo bambo aja abwere pa maikolofoni pomwepo adzapepese, mayunitsi a mwanayo abwezenso.

Kholo lokwiya,
Dedza