Magalasi a pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala alipiridwe pamodzi ndi opaleshoniyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi makampani a inshuwalansi ya zaumoyo, pamodzi ndi zipatala za maso za muno mu Lusaka zimene zimawatumizira mabilu. Nkhani yanga ndi ya magalasi amene munthu amafunika akachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Ndikuti magalasi amenewa ndi mbali ya chithandizo chomwecho, ndipo kampani imene yavomera kulipira opaleshoni iyenera kulipiranso magalasi oyamba pa chilolezo chimodzimodzicho.

Ambiri timaganiza kuti ng'ala ndi kanthu komera pamwamba pa diso, koti dokotala angokapala basi. Ayi. M'kati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kachibadwa kamene kamachita chifunga munthu akamakalamba, kapena chifukwa cha matenda a shuga, kapena akavulala. Pa opaleshoni dokotala amachotsa kagalasi kameneko n'kuikapo ka pulasitiki. Kamene amaika kawirikawiri kali ndi mphamvu imodzi yokha, ndipo amakasankha kuti munthu aziona bwino patali. Ndiye agogo amatha kuzindikira minibasi ya ku Matero ikadali kutali, koma zilembo za pa botolo la mankhwala lili m'manja mwawo siziwerengeka. Magalasi awo akale nawonso amasiya kugwira ntchito, chifukwa mphamvu ya diso yasinthiratu. Ndipo atsopano sayezedwa tsiku lotuluka m'chipatala. Madokotala amati tidikire masabata 4 mpaka 6 kuti diso lipole ndi kukhazikika.

M'masabata amenewa ndi momwe mukugona vuto lonse la mabilu.

Amayi anga ndinawatenga kwathu ku Katete ataleka kusoka chifukwa diso lamanja linali litayera. Ali pa khadi langa la inshuwalansi ya kuntchito. Kampaniyo inapereka chilolezo cha opaleshoni mosavuta n'kulipira zonse, ndipo pa chimenecho ndimayamika ndi mtima wonse. Diso litapola tinabwerera kukayezetsa. Mtsikana wa pa kauntala analowetsa nambala ya khadi, n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani amayi, kompyuta ikuonetsa kuti agogo analandira kale magalasi chaka chatha. Ena sangatuluke mpaka zaka ziwiri zikwane." Zinali zoona. Magalasi a chaka chathawo anawalembera ng'ala ikuyamba kumene, kuti awathandizeko pang'ono. Atachitidwa opaleshoni, akawavala mutu unkawawa ndipo pansi pankaoneka ngati pakupendekeka. Ndinafunsa ngati sakanalemba biluyo pansi pa nambala ya chilolezo cha opaleshoni. Anandiyankha kuti nambala ija inatsekedwa tsiku limene amayi anatuluka, ndipo chilichonse chokhala ndi fulemu chimalowa m'thumba la magalasi wamba.

Kunyumba ndi kumene ndinaona kulemera kwake. Amayi amamwa mankhwala a BP ndi a shuga, ndipo timapaketi take timafanana. Ankatambasula dzanja mpaka polekezera, akutsinzina diso limodzi, kenako n'kuika pansi kudikira mdzukulu wawo aweruke kusukulu adzawawerengere. Uthenga wa ndalama ukalowa pa foni, ankaupereka kwa aliyense amene ali pafupi. Munthu amene wakhala akudzisungira yekha zinsinsi za ndalama zake moyo wake wonse! Tinasonkha pachibale n'kugula tokha magalasiwo, ndipo lisiti limene tinatumiza kuti atibwezere linakanidwa pa chifukwa chomwecho. Ife tinakwanitsa. Nanga wopuma pa ntchito wa ku Chawama kapena ku Kanyama, amene penshoni yake imathera pa ufa ndi makala? Ameneyo amakagula magalasi a pa tebulo la m'mbali mwa msewu ku Kamwala, a mphamvu yofanana mbali zonse, chonsecho maso ake awiri tsopano ndi osiyana.

Sindikutsutsa lamulo loti magalasi aziperekedwa kamodzi pa zaka zingapo. Lili ndi nzeru yake, chifukwa alipo anthu ofuna kusintha fulemu chaka chilichonse kutsata fasho, ndipo thumba la tonse silingapirire zimenezo. Koma nkhalamba yochotsedwa ng'ala sinasankhe kusintha magalasi. Opaleshoni imene kampaniyo yalipira ndi imene yachititsa kuti akale asagwirenso ntchito. Kulipira ndalama zambiri za opaleshoni n'kukana zochepa za magalasi kuli ngati kumangira munthu nyumba, kuifolera ndi malata, n'kumumana chitseko.

Kwina anaiganizira kale nkhaniyi. Ku America kuli inshuwalansi ya boma yotchedwa Medicare, imene makamaka imathandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Siilipira magalasi wamba, koma imalipira magalasi amodzi a fulemu wamba munthu akachitidwa opaleshoni ya ng'ala n'kuikidwa kagalasi ka pulasitiki. Fulemu yapamwamba ukaifuna, umawonjezera wekha. Ine ndikuona kuti malire amenewa ndi achilungamo, ndipo sangagwetse kampani iliyonse ya kuno kwathu.

Kuno ku Zambia tili ndi NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo limene linabwera ndi lamulo la mu 2018, ndipo wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana n'kuikaponso 1 peresenti. Ambiri a ife tilinso ndi inshuwalansi ina ya kuntchito pamwamba pake. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority. Ndikupempha mabungwe awiriwa kuti akhale pansi ndi madokotala a maso agwirizane chinthu chimodzi chomveka: chilolezo cha opaleshoni ya ng'ala chizikhala chotsegula mpaka wodwala ayezedwe n'kulandira magalasi ake oyamba, ndipo magalasiwo asawerengedwe pa malire a magalasi wamba. Ng'ala ndi imodzi mwa nthenda zimene zimachititsa khungu kwambiri padziko lonse, monga limanenera bungwe la World Health Organization, choncho si nkhani ya anthu awiri atatu.

Zipatala nazo zili ndi gawo lawo, mwina lalikulu kuposa mmene zimaganizira. Kalaliki wa kukampani ya inshuwalansi saona diso la wodwala, amaona fomu. Fomu ikangoti "magalasi", adzaikana molingana ndi buku lake. Dokotala amene wachita opaleshoni alembe kalata yaifupi yonena tsiku la opaleshoni, diso limene lachitidwa, ndi kuti magalasiwa akufunika chifukwa cha opaleshoniyo, ndipo kalatayo ipite pamodzi ndi bilu. Komanso muzitiuza zoona tisanasaine. Ngati khadi lathu silidzalipira magalasi, tidziwe pa tsiku loyamba kuti tiyambe kusunga kangachepe.

Kwa anzanga amene mukusamala makolo odikira opaleshoni, funsani kampani yanu opaleshoni isanachitike ngati magalasi a pambuyo pake ali m'chilolezo, ndipo yankho akupatseni lolembedwa. Ngati dokotala wanena kale kuti ng'ala ichotsedwa posachedwa, mufunseni ngati kuli kofunika kutengeratu magalasi atsopano panopa, kuopa kuthera mwayi wanu pa magalasi a miyezi yochepa. Ngati maso onse awiri adzachitidwa, funsani ngati n'kwabwino kudikira lachiwiri lipole. Akakukanirani, pemphani chifukwa chake pa pepala, dandaulani kwa akuluakulu a kampaniyo, ndipo zikakanika tengani mapepala onse mupite nawo ku Pensions and Insurance Authority.

Ine wowerenga wanu,
Mwana wa agogo ochotsedwa ng'ala,
Chilenje, Lusaka