Kalata yopita ku Johannesburg pa nkhani ya zotsekereza madalitso

Chilenje, Lusaka
20 Okutobala

Wokondedwa mnzanga,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinauwerenga kangapo, ndipo ndinaona kuti nkhani yake si yoyankha ndi mawu awiri atatu pa foni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni kalata. Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala likuwotcha kwambiri ndipo maso athu ali kumwamba kudikira mvula.

Mwanena kuti chifikireni ku Johannesburg palibe chimene chikukuyenderani, ntchito mukaipeza siikhalitsa, ndalama sizikhala m'manja, ndipo mneneri wina wakuuzani kuti pali temberero lochokera kwa makolo anu ku Katete, limene silingachoke pokhapokha mutafesa mbewu ya ndalama ndi kugula mafuta odzozedwa. Musanatulutse ngakhale randi imodzi, imvani zimene zinandichitikira ine, zimene sindinakuuzenipo chifukwa cha manyazi.

Bambo athu atamwalira, ine ndi achimwene anga tinakangana pa nyumba ya ku Matero. Lamulo la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira asanalembe wilo limateteza ana onse, ndipo ine ndinali ndi mbali yanga, koma mawu amene ndinalankhula pamaliro paja anali oti munthu wopemphera sangawatulutse. Tinatha zaka zitatu osapatsana moni. M'zaka zomwezo malonda anga a zitenje ku Kamwala analowa pansi, ndipo ndinayamba kuzungulira mapemphero a usiku wonse, lero kuno mawa uko, ndikusala kudya mpaka chizungulire. Kwina anandiuza kuti alamu anga anandilodza, ndipo ndinakondwera kumva zimenezo, chifukwa zinkatanthauza kuti wolakwa ndi wina. Ndinapereka K500 kuti andimasule, koma ndinabwerako monga ndinapitira.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa m'Chigwirizano chathu, amene atandimvetsera mofatsa anangondifunsa kuti achimwene anga ndinawaona liti komaliza. Kenaka anatsegula Mateyu 5:23-24, pamene Ambuye akunena kuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Anawerenganso Marko 11:25 ndi Masalmo 66:18. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya nawo mayiwo, chifukwa kulipira K500 kunali kopepuka kusiyana ndi kukwera minibasi ya ku Matero kukagogoda pakhomo la munthu amene ndinamutukwana. Ndinazengereza milungu isanu ndisanapite.

Sindikukana kuti nkhondo yauzimu ilipo. Danieli anapemphera ndipo yankho lake linachedwa masiku 21 chifukwa cha mdani wosaoneka, ndiponso Paulo anauza Aefeso kuti adani athu enieni si anthu a thupi ndi magazi. Chimene ndikukana ndi chiphunzitso chakuti Mkhristu wamangidwa ndi machimo a agogo ake, komanso kuti chingwecho chimadulidwa ndi ndalama. Werengani Ezekieli 18 yense, pamene Mulungu akuletsa mwambi wakuti makolo adya mphesa zowawasa koma mano oyayamira ndi a ana, ndipo akunenetsa kuti mwana sadzasenza mphulupulu za atate wake. Werenganinso Machitidwe 8, muone mmene Petro anadzudzulira Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Ngati Petro anakana kugulitsa, wogulitsa wa lero mphamvu zake wazitenga kwa yani?

Ndisakunamizeni kuti nditayanjana ndi achimwene malonda anakwera tsiku lomwelo. Ngongole zinanditengera chaka china kuti ndizimalize, ndipo zina mwa izo zinabwera chifukwa chosalemba bwino m'kabuku, osati chifukwa cha mizimu. Chimene chinasintha msanga ndi pemphero langa, limene linasiya kukhala mlandu wosumira anthu kwa Mulungu, ndipo ndinayambanso kudya Mgonero popanda mtima kundigunda. Choncho musadziweruze kuti vuto lililonse ndi tchimo lanu. Pa Yohane 9, ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, Yesu anayankha kuti sanachimwe iye kapena makolo ake. Kusowa ntchito yokhazikika m'dziko la eni nthawi zambiri ndi nkhani ya mapepala, ndipo mapepala amafuna kukaima pamzere ku ofesi yoyenera, kwinaku mukupemphera.

Dzana, pa 18 Okutobala, linali tsiku la mapemphero a dziko lonse, limene a Edgar Lungu anakhazikitsa mu 2015. Dzina lake lili ndi zinthu zinayi, kupemphera, kusala kudya, kulapa ndi kuyanjana, koma ndaona kuti ife a dziko limene a Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991 timachita changu pa ziwiri zoyambazo, zotsalazo timazisiyira a ndale.

Tsopano ndikufunseni monga mmene mayi aja anandifunsira ine, ndipo mundikhululukire ngati ndalowa m'kati kwambiri. Akulu anu a ku Mtendere munalankhula nawo liti komaliza? Ndinakumana nawo ku msika wa Soweto mwezi watha, ndipo ngakhale sanatchule za mkangano wa ndalama za maliro a amayi, anandifunsa kawiri ngati muli bwino. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola. Nambala yawo sinasinthe. Ngati kuimba foni kukukulemerani, lembani mawu anu munditumizire, ndidzawapititsa ndekha Loweruka ndikamachokera ku Kamwala.

Ine mnzanu wa ku Chilenje.