Lipoti la msonkhano wokambirana za kutsekera ayodini wa m'zinyalala za nyukiliya

A Wapampando ndi mamembala anzanga, zikomo ponditumiza. Ndabwerako bwino, ndipo nazi zimene ndatolako.

Nkhani inagona pa ayodini-129, mtundu wa ayodini wotulutsa cheza choopsa. Mnzake uja ayodini-131, amene anadwalitsa ana ambiri khansa ya chithokomiro ngozi ya ku Chernobyl itachitika mu 1986, mphamvu yake imatsika ndi theka m'masiku 8 okha. Koma 129 imamutengera zaka 15.7 miliyoni. Ayodini-129 amatuluka ngati nthunzi akamasungunula mu asidi ndodo za yureniyamu zotha ntchito, ndipo ku fakitale yochita ntchitoyi ya ku La Hague m'dziko la France wambiri amathiridwa m'nyanja. Kumukwirira chabe sikuthandiza, chifukwa dongo silimugwira. Amangoyenda ndi madzi a pansi.

Zinyalala zina amazitsekera m'galasi, koma galasilo amaliphika pa madigiri pafupifupi 1,150, ndipo ayodini amakhala atathawa kalekale. N'chifukwa chake maso onse ali pa seramiki, zinthu zolimba zopangidwa potenthetsa ufa ngati mmene amawotchera mbiya. Mitundu iwiri ndiyo inatchulidwa kawirikawiri: apatite yokhala ndi mtovu ndi chitsulo chotchedwa vanadium, imene ayodini amakhala m'timipata ta mkati mwake, ndi sodalite, imene imamutsekera m'tizipinda. Popanga, ena amaika ufawo m'chitini chachitsulo chomata, n'kumachifinya mbali zonse uku akuchitenthetsa, kuti nthunzi isowe potulukira. Ndinagwirako kachidutswa koyeserera, ka ayodini wamba wosaopsa. Kukula kwake ngati batani la malaya, koma m'manja kanalemera modabwitsa chifukwa cha mtovuwo.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi siliva. Ndi amene amakola ayodini m'zosefera, ndipo awiriwa akagwirana sasungunuka m'madzi wamba. Koma pansi penipeni, pamene palibe okosijeni ndipo zitsulo zikudyeka, siliva amamutaya ayodiniyo. Chikhalirecho zoyesa zambiri zimene ndinaona anazichita m'madzi oyera kwa masabata owerengeka. Ndinafunsa ngati masabata angatiuze za zaka mamiliyoni. Amene anayankha anavomera kuti apa ndi pamene ntchito yatsalira.

Ndiye pempho langa ndi ili: tisathamangire kupanga seramiki yathuyathu. Tiyambe ndi kuyesa zimene zilipo kale m'madzi opanda okosijeni, okhala ndi chitsulo, kwa nthawi yaitali. Ndikupempha kuti tiikepo nthawi pa msonkhano wathu ukubwerawu, tione zipangizo zimene zingafunike.