Musanagule kathirakitala, ganizirani mvula ya kuno ku Mzuzu

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi alimi anzanga akuno kumpoto omwe akufuna kugula timathirakitala tating'ono tija ta mahosipawa 35 mpaka 50. Ine munda wanga uli ku Lusangazi, ndiye chaka chatha ndinazunguzika mutu pakati pa mathirakitala awiri ofanana kukula ndi mphamvu, ina ya 2WD (yokoka ndi matayala awiri akumbuyo okha) ina ya 4WD (yokoka ndi matayala onse anayi). Ndinatenga ya 2WD poti inali yotchipako ndipo mpaka pano mtima ukundiwawabe.

Mvula yakuno mukuidziwa, imagwa mpaka Epulo osaleka, dothi lofiira lija likanyowa limaterera ngati sopo ndiye pokwera kachitunda ndi ngolo ya manyowa matayala akumbuyo amangozungulira pamodzimodzi matope ali thothotho kumsana kwanga, mpaka kuitana anyamata anayi kuti adzakankhe. Ya 4WD imakoka ndi matayala onse anayi, pamalo otsetsereka ngati kwathu kuno ndalama yowonjezerayo siyotaya ayi.

Nanga masipeya! Fyuluta ya dizilo yokha ndinadikira masabata atatu kuti ifike kuchokera ku Lilongwe, pomwe aneba anga omwe ali ndi thirakitala ya Massey Ferguson yakalekale amangopita mtauni kukagula, makaniko aliyense amaidziwanso.

Funsaninso ngati PTO yake (chitsulo chozungulira chakumbuyo kwa thirakitala chomwe chimayendetsa makina omangirira kumeneko) ndi yozungulira ka 540 pa mphindi komanso ngati pulawo yanu ikwanira kumbuyoko, musamangomva zokoma za ogulitsa. Ine panopa ndikusaka woti andigule yangayi nditenge ya 4WD mvula isanayambe.

Mlimi wa ku Lusangazi,
Mzuzu