Anthu a ku Monte Albán sanasowe

Akonzi,

Ndawerenga nkhani ya mabwinja a Monte Albán a ku Mexico imene munatulutsa sabata yatha pa tsamba la za maulendo. Zithunzi zake zinandibwezera kumalo amene ndinapondako ndekha, ndipo ndikuthokoza. Koma pali zinthu ziwiri zimene zandikhala pamtima: munalemba kuti anthu amene anamanga mzindawo anasowa osadziwika kumene analowera, komanso kuti miyala yosema ya kumeneko ikusonyeza anthu akuvina mosangalala. Zonse ziwiri si zoona.

Ndinafikako zaka zingapo zapitazo nditapita ku msonkhano wa za ulimi mu mzinda wa Oaxaca. Basi imakwera mokhotakhota mtunda wa makilomita pafupifupi 10, mpaka pansonga pa phiri lotalika mamita 400 kuchokera m'chigwa. Ukatsika n'kuima pabwalo lalikulu, lotalika mamita pafupifupi 300, umayamba wakhala chete. Anthu a mtundu wa Zapotec anasalaza nsonga ya phirilo ndi manja, opanda zida zachitsulo, opanda ng'ombe kapena ngolo, kuyambira cha m'ma 500 Yesu asanabadwe. Pamwambapo palibe mtsinje, koma mzindawo unakhala likulu lawo kwa zaka zoposa 1,000, ndipo anthu masauzande ambiri ankakhala m'masitepe amene anakumba m'mbali mwa phiri.

Za ovinawo ndiyambe nazo. Miyala imeneyi ilipo yoposa 300, ndipo dzina lakuti Danzantes, kutanthauza ovina, linaperekedwa ndi anthu a m'mbuyo muno amene anangoona miyendo yopindika. Ine ndinayandikira mwala umodzi mpaka mphuno kutsala pang'ono kuugunda. Munthu wosemedwapoyo ali mbulanda, maso ali otseka, kukamwa kuli yasa, mikono yagwa ngati ya munthu amene mphamvu zamuthera, ndipo pamalo obisika pajambulidwa mizere yopotana yosonyeza magazi. Amenewo si magule. Akatswiri ambiri amati ndi adani ogwidwa pankhondo amene anaphedwa, ndipo pambali pa ena pali zilembo zimene zikuoneka kuti ndi mayina awo. Pabwalo lomwelo pali nyumba yosongoka ngati mutu wa muvi, imene imatchedwa Building J, ndipo pamakoma ake pali miyala yolembedwa malo amene mzindawo unagonjetsa. Anthu amenewa ankalemba, ankawerenga masiku, ankalamulira anzawo, ndipo nthawi zina ankachita nkhanza. Tikawasandutsa ovina okhaokha tikuwachotsera umunthu wawo wonse, wabwino ndi woipa womwe.

Koma chimene chandipweteka kwambiri n'chakusowa chija. N'zoona kuti cha m'ma 800 Yesu atabadwa mzindawo unatha mphamvu ndipo anthu anatsika paphiri. Kusamuka si kufa. Mudzi ukasanduka bwinja, eni ake amakhala ali kwina, akulima. A Zapotec anamanga ndi kukhala m'malo ena a m'chigwa momwemo, monga Mitla, Yagul ndi Zaachila. Ngakhale phirilo silinaiwalike. Mu January 1932, katswiri wofukula zinthu zakale Alfonso Caso atatsegula manda otchedwa Tomb 7, anapeza kuti anthu a mtundu wa Mixtec anadzaikamo akufa awo patapita zaka mazanamazana, pamodzi ndi zokongoletsa zagolide, mafupa osemedwa mwaluso ndi chigaza chokutidwa ndi timiyala tobiriwira. Zinthu zimenezi ndinaziona m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Santo Domingo mu mzinda wa Oaxaca. Palibe amene amakaika m'bale wake paphiri limene sakulilemekeza.

Lero lino anthu oposa 400,000 amalankhula zilankhulo za Chizapotec. Benito Juárez, pulezidenti wotchuka wa Mexico wa m'zaka za m'ma 1800, anali wa mtundu umenewu, wobadwira m'mudzi wa Guelatao, ndipo Chisipanishi anachiphunzira ali kale mnyamata. Pamsika wa ku Tlacolula ndinagula chakudya kwa mayi wina wachikulire amene ankandiwerengera chenji m'Chisipanishi, kenako n'kutembenukira kwa mdzukulu wake kumukalipira m'chilankhulo chawo chifukwa chosiya moto kuzima pansi pa chiwaya. Nditawerenga nkhani yanu ndinakumbukira mayi ameneyo. Mukanamuuza bwanji kuti iye ndi ana ake anasowa?

Ife a kuno tiyenera kukhala oyamba kusamala ndi kalankhulidwe kotere. Tikudziwa mmene atsamunda a ku Rhodesia anakanirira kwa zaka zambiri kuti makoma a Great Zimbabwe sanamangidwe ndi anthu akuda, pamene zidzukulu za omangawo zinali kulima pafupi pomwepo.

Ndipo anthu a m'chigwa chimenechi si alendo kwenikweni kwa ife. Pafupi ndi Mitla pali phanga lotchedwa Guilá Naquitz, mmene munapezeka zitsononkho za chimanga za zaka zoposa 6,000, zina mwa zakale kwambiri zimene zapezekapo, komanso njere za maungu zakale kuposa pamenepo. Nsima imene timadya tsiku ndi tsiku inayambira m'manja mwa alimi a kumwera kwa Mexico, amene anasankha mbewu chaka ndi chaka mpaka udzu wa kutchire unasanduka chimanga. N'chifukwa chake ine, mlangizi wa zaulimi, nkhaniyi sindikuitenga ngati ya kutali.

Ndikupempha kuti mukonze mawu awiriwo m'kope lotsatira, ndipo pansi pa chithunzi cha miyala ija mulembe kuti zidzukulu za amene anaisema zikukhalabe ku Oaxaca.

Ine wowerenga wanu,
Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, Dedza