Sitima ija yayambanso kuyenda amwene

Amwene,

Muli bwanji ku Manchester kuja, alamu ndi ana ali bwa? Kuno ku Lilongwe tilipo, kungoti dzuwa la Okotobala latikwana, fumbi ndiye osanena. Ndati ndilembe zazitali pang'ono coz pa WhatsApp paja timangothamangitsana, komanso pali zoti mundigulire musanabwere Disembala.

Sitima yanga yachidole ija, yoyenda ndi magetsi pa tebulo, yayambanso kuyenda! Paja ndinkakuuzani kuti injini ikumaima yokha pakona, kunjenjemera kenako zii, ndipo aliyense wobwera pakhomo amangoti mota yapsa gulani ina. Mota inalibe mlandu. Tisitima timeneti magetsi ake, mavolti 12 aja, amayenda munjanji momwemo n'kukwera kudzera m'mawilo, ndiye kafumbi kakangogona pamwamba pa njanji basi moto sudutsa, nanga fumbi la ku Area 25 inu mukulidziwa. Pano ndisanayatse ndimapukuta njanji ndi mawilo omwe ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, ndikamaliza ndimafunditsa tebulo lonse zitenje zakale za mayi akunyumba. Sandipepa ayi, ena amagwiritsa ntchito koma amakanda chitsulo ndiye litsiro limakhazikika m'mizere momwemo, mawa lake vuto lomwe lija.

China chinali kutentha. Chipinda chija chilibe siling'i, masana malata akawotcha njanji zimafutukuka, zikasowa kolowera zimapindika ndiye mabogi amagwa. Ndasiya timipata ting'onoting'ono molumikizira, koma tizitsulo tolumikizirato tambiri tinamasuka kalekale, moti ndachita kuwotcherera mawaya pansi pa chidutswa chilichonse kuti moto usamadalire timeneto. Ntchito yotopetsa msana, kugwada pansi pa tebulo ndi tochi kukamwa. Miyendo ya tebulo inadyedwa ndi chiswe, kalipentala wina wa ku Mchesi wandikhomera ina, zimenezo zatha.

Koma chomwe chandigwira mtima ndi malo amene ndikumanga. Ndasiya zija za m'mabokosi, tinyumba ta ku Ulaya ndi mitengo ya paini, ndikupanga njanji yathu yomweyi yochoka ku Kanengo kutsetserekera ku Salima. Mukudziwa kuti sitima inafika ku Salima mu 1935 koma kuno ku Lilongwe inadzafika mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, kenako Mchinji mu 1980? Zaka zonsezo mzinda uno unalibe njanji. Nkhokwe za chimanga zija za ku Kanengo ndazipanga ndi mapaipi a pulasitiki odula, mukaona museka koma zikufanana ndithu. Dothi ndi katondo weniweni wosefa, udzu ndi utuchi wonyika mu penti, milambe ya chaku Salima ndapota ndi waya ngati mmene tinkapangira magalimoto a mawaya tili ana, n'kumata mapepala ndi guluu pamwamba. Miyala ya m'njanji ndi mchenga wa mu Lingadzi, koma apa chenjezo, uyenera kuyendetsamo kaye maginito ya sipika yakale chifukwa mumchenga mumakhala tizitsulo ndipo mota ili ndi maginito yake, ikatola timeneto ndiye kupsa kwenikweni tsopano. Pomata ndimasakaniza guluu wa matabwa ndi madzi theka theka, kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere, n'kudonthezera pang'onopang'ono osakhudza mapoyinti, tinjanji tosuntha tija topatutsira sitima, akangomatika amenewo sasunthanso.

Pali kanthu kamodzi kamene akatswiri a pa intaneti angandinene. Njanji za ku Malawi ndi zopapatiza, mamilimita 1,067, pamene za tisitima ta saizi yotchedwa HO zomwe ndili nazo, za mamilimita 16.5, zimaimira zikuluzikulu zija za 1,435 za kwanuko. Kuti zikhale ndendende pa sikelo ya HO ya 1:87, kutanthauza kuchepetsa zenizeni ka 87, ndimayenera kugwiritsa za mamilimita 12. Ine ndati iyayi, ndalama yake ndiitenga kuti, komanso ndani pa Lilongwe pano abwere ndi rula kudzayeza.

Tsono zogula. Mukalowa mushopu ya zimenezi mupeza zambiri ndi za saizi ina yotchedwa OO, za kampani ya Hornby ndi anzake, sikelo yake 1:76. Njanji ndi yofanana ndi yanga, zimayenda bwinobwino, koma mabogi ndi tinyumba timakhala tokulirapo ndiye mukaziika pamodzi zimaoneka zosagwirizana, musagule zimenezo olo zitchipe bwanji. Za kampani ya Märklin ndiye musayandikire n'komwe, magetsi ake ndi amtundu wina. Chomwe ndikufuna ndi tolumikizira njanji ta kampani ya Peco, ta njanji za saizi ya code 100, pa paketi amalemba SL-10, mapaketi angapo, kuphatikiza ta pulasitiki tosadutsa moto tija ta SL-11. Ngati thumba likulola onjezerani mapoyinti awiri, lakumanja ndi lakumanzere, akale omwe alibe vuto bola akhale a nickel silver, achitsulo wamba amachita dzimbiri mvula ikangoyamba. Zonsezi ndi zopepuka, zikwana m'thumba la jekete, alamu asadandaule za makilo.

Magetsi akazima sindikhalanso manja lende, ndinalumikiza kontrola ku batire la sola, ndiye ana apa neba amadzadza pawindo madzulo, makolo awo amvekere bambo wamkulu ngati uyu kuseweretsa zidole, koma mukawaitana kuti alowe satulukanso msanga, amayamba kufunsa kuti ikafika pa Salima imatembenuka bwanji. Funso labwino, chifukwa njanji yozungulira kubwerera pomwe yachokera imagundanitsa magetsi, ndiye ntchito ya ma SL-11 aja ndi imeneyo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mukapeza zinthuzo mujambule kaye munditumizire musanalipire, ndalama yake ndikupatsani mukafika kapena ndisiyire amayi anu ku Kawale, munene inuyo.

Ndine mnzanu uja wa ku 25.